Tafunsani: Minda ya Aroma yofukulidwa pansi pa phulusa

Makalata a mwezi uno akufunsa za minda ya Aroma akale, makamaka ya mumzinda wa Pompeii ku Italy, umene unakwiririka phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79 AD. Tayankha amene akukhudza ntchito yeniyeni yofukula.

Nyumba ya miyala ndikumvetsa kuti ingathe zaka 2,000. Nanga munda? Masamba amaola, mitengo imafumbwa. Ofukulawa amapezamo chiyani, kapena amangopeka? (Mphunzitsi, Kasungu)

Aphunzitsi, mtengo weniweniwo sapeza. Amapeza bowo limene mizu yake inasiya. Pompeii inakwiririka ndi timiyala topepuka totuwa, timene ku Italy amati lapilli, pamodzi ndi phulusa, kuya kwake mamita 4 mpaka 6. Zomera zinafera momwemo. Mizu itayamba kuola pansi, timiyala tija tinkasendera pang'onopang'ono kulowa m'malo amene mizuyo inkasiya, mpaka kudzaza. Lero wofukula akachotsa phulusa n'kufika pa dothi limene anthu ankaponda mu 79, amaona mawanga otuwa pa nthaka yoderapo. Banga lililonse ndi pamene panali chomera kapena chichiri.

Amene anaika ntchitoyi pamzere ndi malemu mayi Wilhelmina Jashemski a ku University of Maryland ku America. Anayamba kufukula minda ya Pompeii mu 1961 ndipo anapitiriza kwa zaka zoposa 20. Nzeru yothira m'mabowo phala limene limauma n'kulimba inalipo kale: mu 1863 Giuseppe Fiorelli, mkulu wa ofukula ku Pompeii, anayamba kuthira pulasitala m'mphako zimene matupi a anthu anasiya m'phulusa.

Ntchito yake imayenda chonchi. Timiyala totsiriza tokhudzana ndi dothi amatichotsa ndi kachipande ndi burashi, khasu ayi, chifukwa pamwamba pa dothilo pamakhala mizere, tingalande ndi timabeseni tothirira, ndipo khasu likapalapo kamodzi zonsezo zapita. Akatero banga lililonse amalipatsa nambala, amaliyeza, n'kulilemba pa mapu a mundawo lisanakhudzidwe. Kenako amatapa timiyala m'bowomo ndi masupuni a zigwiriro zazitali ndi mawaya opinda, kutsatira nthambi za mizu mpaka zithere. Bowo likayera amayeza m'mimba mwake ndi kuya kwake, amalowetsamo waya wolimbitsa, n'kuthiramo simenti yamadzimadzi. Amaisiya masiku atatu kapena kuposa. Ikauma amakumba dothi mozungulira, ndiye pamatuluka muzu wa simenti wofanana ndendende ndi umene unaola.

Zolakwika n'zodziwika. Simenti yolimba kwambiri siyenderera, imatsekera mpweya mkati, choncho mizu ing'onoing'ono siituluka. Timiyala tikatsalira pakhosi pa nthambi, simenti imathera pomwepo ndipo mtengo waukulu umaoneka ngati chitsamba. Mukafulumira kuzula, zimathyoka. Cholakwika chopweteka kuposa zonse ndi kuthira simenti musanatape dothi ndi timakala ta m'bowomo, poti mwina kachidutswa ka khala kameneko n'kamene kakanatchula dzina la mtengowo.

Bowo la chichiri silivuta kulisiyanitsa: limakhala loongoka, losongoka kunsi, lopanda nthambi. Chimene chimavuta ndi minda imene inafukulidwa kalekale n'kusiyidwa pamtetete. Udzu ndi zitsamba zamakono zinameramo, mizu yake inasokoneza mabowo akale, ndipo ofukula oyambirira, amene mtima unali pa ziboliboli ndi zithunzi za pakhoma, ankaponda kapena kukumbiratu dothi la m'munda. N'chifukwa chake zotsatira zabwino zimachokera pamene phulusa langochotsedwa kumene.

Ndiye muzu wa simentiwo umanena kuti uwu unali mkuyu, uwu mpesa? (Wowerenga, Chipata)

Paokha ayi. Umasonyeza kukula kwa chomera, msinkhu wake mongoyerekeza, ndi kayalidwe ka mizu. Mizu ya mitengo yosiyana imatha kufanana, ndipo mtengo umodzi womwewo umayala mizu mosiyana pa nthaka yosiyana. Dzina limabwera pokhapokha maumboni angapo akagwirizana.

Tengani bwalo la pakati pa nyumba ya Julius Polybius, limene linafukulidwa mu 1973. Anthu ankayembekeza timabedi ta maluwa tosanjika bwino. M'malo mwake munapezeka mabowo a mitengo ikuluikulu isanu yothithikana m'kabwalo kakang'ono. Pafupi ndi bowo lina panali nkhuyu zambiri zopserera, ndiye mtengowo anauwerenga kuti ndi mkuyu. M'dothi munali mungu wochuluka wa azitona. M'mbali mwa khoma munali mabowo ang'onoang'ono okhala ndi mapale a timiphika, ndipo pakhoma pamwamba pake panali zibowo za misomali, kusonyeza kuti timitengo tinkamangiriridwa kukhomako kuti tiyale nthambi. Pansi panadindika chithunzi cha makwerero owonda, otalika pafupifupi mamita 8, a mtundu umene alimi a kumeneko amathyolera zipatso m'mitengo yaitali. Palibe chimodzi mwa izi chokwanira pachokha, koma zonse pamodzi zikuonetsa bwalo la mthunzi ndi zipatso.

Umboni wamphamvu zedi ndi khala la nthambi. Katswiri amalithyola kuti pakhale poyera, n'kuona pa maikulosikopu mmene timitsempha ta mtengowo tinayalira, pakuti mtundu uliwonse uli ndi kayalidwe kakekake. Vuto n'lakuti khala lopezeka m'munda likhoza kukhala la nkhuni za kukhitchini lotayidwa ngati manyowa. Lodalirika ndi lopezeka m'bowo mwenimwenimo kapena litagona pambali pake.

Ndimaphunzira za zomera. Njere ndi mungu wa zaka 2,000 amazitola bwanji m'dothi? (Wophunzira, Zomba)

Njere zimene zimakhalitsa ndi zopserera. Zikatenthedwa pamalo opanda mpweya wokwanira zimasanduka khala osapsa n'kukhala phulusa, monga zimachitikira mu uvuni wa makala, ndipo khala tizilombo sitilidya. Pozitola amagwiritsa ntchito madzi. Amatapa dothi lokwana malita 10 mpaka 40 pamalo amodzi, n'kulithira pang'onopang'ono m'thanki ya madzi uku akuvundula mofatsa. Mchenga ndi miyala zimamira, zopserera zimayandama n'kusefukira pa sefa ya mabowo a 0.25 mm kapena 0.3 mm. Zomira nazo amazisefa pa sefa ya 1 mm, chifukwa nthangala zolemera monga za azitona, mafupa a nsomba ndi zigoba za nkhono zimatsalira mmenemo. Zonse amaziumitsa pamthunzi. Padzuwa njere yonyowa imauma mofulumira n'kung'aluka, ndipo ikang'aluka simungaizindikirenso. Njere yosapserera, yooneka yatsopano, saiwerengera: kawirikawiri imakhala yobwera ndi nyerere kapena mphepo.

Mungu ndi nkhani ina. Kanjere kake n'kapakati pa 0.01 ndi 0.1 mm, choncho kadothi kodzaza supuni zingapo n'kokwanira, koma ukhondo ndiye wovuta. Amapala kaye pamwamba, amatapa ndi chipande chotsukidwa, n'kutseka m'thumba nthawi yomweyo, apo ayi mungu wa mitengo ya lero ugweramo. Ku labotale amasungunula laimu ndi mchenga ndi ma asidi, kotsalako n'kuwerenga pa maikulosikopu, kawirikawiri njere mazana angapo pa sampulo imodzi.

Musathamangire kukhulupirira manambala ake. Mitengo yodalira mphepo, monga paini ndi azitona, imamwaza mungu wochuluka umene umauluka mitunda, pamene maluwa odalira njuchi amatulutsa wochepa ndipo sugwa patali. Mungathe kupeza mungu wa paini m'munda mmene simunamere paini, n'kusowa wa rozi mmene munali marozi okhaokha. Komanso dothi la m'munda limalimidwa, kunyowa ndi kuuma, ndipo zimenezi zimaononga mungu. Pofuna kuzemba vutoli, akatswiri Dafna Langgut ndi Kathryn Gleason anatapa mungu mu pulasitala wa nyumba yachifumu ya Herod ku Caesarea. Pulasitala akadali wauwisi amakola mungu wa zomera zimene zikuchita maluwa pafupi, ndipo akauma amausunga.

Ndinaona chithunzi cha timiphika tobooka pansi ndi m'mbali tochokera m'minda imeneyi. Tinali ta chiyani? (Mwini nazale, Lilongwe)

Bambo, ameneyo ndi mnzanu wa ntchito wa zaka 2,000 zapitazo. Timiphikato amatitcha ollae perforatae. N'tadothi wamba, tosakongoletsa, totalika ngati chikhatho, tokhala ndi bowo limodzi pansi ndipo nthawi zambiri atatu m'mbali chakumunsi. Mabowowo ankabooledwa dothi lisanawotchedwe.

Ntchito yake inali iwiri. Yoyamba, kulereramo mbande ndi kuzinyamula. Yachiwiri, kumeretsa mizu panthambi imene idakali pamtengo. Cato, amene analemba za ulimi zaka zoposa 200 phiri lisanaphulike, anafotokoza njira yake: lowetsani nthambi pa bowo la pansi, dzazani dothi n'kulitsendera, musiye kamphikako kali pamtengo, pakatha zaka ziwiri dulani nthambi kunsi kwake, ndipo mukabzale pamodzi ndi kamphikako. Timiphika tambiri timene ofukula amapeza timakhala tokwiriridwa m'nthaka, tina tosweka dala kuti mizu ituluke bwino.

Kwa ofukula, kamphika kopezeka pamalo pake n'kamtengo wapatali kuposa chiboliboli chosunthidwa, chifukwa kakusonyeza pamene chomera chinaima ngakhale kumene kulibe phulusa. Timiphikati tapezeka ku Pompeii, ku nyumba ya Livia, mkazi wa mfumu Augustus, ku Prima Porta pafupi ndi Rome, ku nyumba ya Herod ku Jericho, ndi ku Petra m'dziko la Jordan. Ku nyumba ya mfumu Hadrian ku Tivoli, olima ankadulanso mitsuko yakale ya vinyo ndi mafuta n'kuiboola kuti igwire ntchito yomweyi. Lamulo pofukula n'lakuti dothi la mkati musalikhuthule kapena kulitsuka pamalopo. Kamphika kamanyamulidwa ndi dothi lake kupita ku labotale.

Minda imeneyi inali yongodyetsa maso a anthu olemera, kapena munkatuluka chakudya? (Mlimi, Ntcheu)

Zonse ziwiri, koma mbali ya chakudya ndi malonda ndi yaikulu kuposa mmene anthu ankaganizira. Mayi Jashemski anawerengera kuti minda ndi malo olimidwa zinatenga pafupifupi 17 peresenti ya gawo la Pompeii limene linali litafukulidwa.

Pafupi ndi bwalo la masewera pali malo aakulu amene kwa zaka zoposa 200 ankatchedwa Foro Boario, anthu akumati unali msika wa ng'ombe. Atafukula pakati pa 1966 ndi 1970 anapeza mabowo 2,014 a mipesa, m'mizere yoongoka, motalikirana mapazi anayi achiroma, kutanthauza pafupifupi mita 1.2, poti phazi lachiroma ndi masentimita 29.6. Pambali pa mpesa panali bowo la chichiri chake, ndipo mozungulira tsinde panali timaenje tosungira madzi a mvula. Munalinso mitengo 58 m'mphepete ndi pakati pa mizere, tinjira tiwiri todutsana, chipinda chofinyira mphesa, ndi mitsuko ikuluikulu yotchedwa dolia yokwiriridwa mpaka m'khosi kuti vinyo asatenthedwe. Pafupi ndi zipata panali malo awiri omangidwa odyerapo chogona, ndipo pambali pake panapezeka mafupa a nyama okhala ndi zipsera za chikwanje. Mwini munda ankagulitsa vinyo ndi nyama kwa anthu obwera ku masewera.

Kuseri kwa nyumba yotchedwa Ship Europa, dzina lochokera pa chithunzi cha ngalawa chokandidwa pakhoma, kunapezeka mabowo oposa 400 a mipesa ndi mitengo, zigawo ziwiri za ndiwo zamasamba zokhala ndi mizere yake, timiphika tobooka tija, ndi zopserera monga mphesa, nkhuyu, mtedza wa m'mitengo ndi nyemba zikuluzikulu za fava. Ili linali dimba la malonda mkati mwa mzinda.

Munda wotchedwa wa Hercules, chifukwa cha kachiboliboli kake kamene kanali m'kachisi wa m'mundamo, uli ndi timabedi tambirimbiri tozunguliridwa ndi tingalande, mitsuko yosungira madzi, mitengo yochepa ya mthunzi, ndi timabotolo tagalasi tambiri ta mafuta onunkhira. Mungu wa azitona unapezekanso. Akatswiri ambiri amati munkalimidwa maluwa a nkhata ndi a mafuta onunkhira, pakuti Aroma ankaviika maluwa m'mafuta a azitona, ndipo dera la Campania, mmene muli Pompeii, linkatchuka ndi marozi. Kunena zoona, maluwawo sanapezeke. Amene akulankhula ndi mabedi, madzi ndi mabotolo. Kanyumba ka galu wolondera kanali theka la mtsuko waukulu.

Munali tomato, chimanga kapena maungu? (Mayi wa pa msika, Mzuzu)

Ayi, mayi. Tomato, chimanga, maungu, mbatata, chinangwa, mtedza wathu wapansi ndi nyemba zimene timadya masiku ano zonse zinachokera ku America, ndipo zinafika ku Europe pambuyo pa 1492. Aroma ankalima kabichi, anyezi, adyo, tchana, nyemba za fava, mphesa, nkhuyu, azitona, makangaza, maapulo ndi mapichesi. Mandimu analipo koma ngati chinthu cha anthu opeza bwino. Chimene mungachizindikire msanga m'munda mwawo ndi mphonda, imene kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa: ankadya zanthete, zokhwima n'kupanga zikho.

Zipatsozi zalowanso m'mkangano wa tsiku la ngoziyo. Makope ambiri a kalata ya Pliny Wamng'ono, Mroma amene anaona phirilo likuphulika, amati 24 Ogasiti, koma makangaza ambiri opserera opezeka ku Oplontis pafupi ndi Pompeii, mitsuko ya vinyo yomatidwa kale, ndi mawu olembedwa ndi khala pakhoma amene anapezeka mu 2018 otchula 17 Okutobala, zachititsa ena kunena kuti phiri linaphulika mu Okutobala. Akatswiri akadakanganabe.

Madzi othirira ankawatenga kuti? (Wowerenga, Tete)

Poyamba inali mvula. Denga linkapendekera mkati, madzi n'kugwera m'dziwe laling'ono la m'chipinda cha alendo kapena m'ngalande ya miyala yozungulira bwalo, kenako n'kulowa m'thanki ya pansi pa nyumba. Pakamwa pa thanki pankaikidwa mwala wobooka, ndipo miyala yambiri yotere ili ndi mikwasa yodyeka ndi chingwe cha ndowa. Zitsime zinalipo koma zakuya mamita oposa 20. Ndi madzi ochepa chotero, chanzeru chinali kubzala mitengo yopirira, ngati m'bwalo la Polybius lija.

M'nthawi ya mfumu Augustus mzindawo unalumikizidwa ku ngalande yaikulu yochokera ku akasupe a ku Serino. Madzi ankafikira m'nyumba yogawira pafupi ndi chipata cha Porta Vesuvio, pamalo okwera, n'kuyenda m'mapaipi a mtovu okhala ndi mipopi ya mkuwa. Apa m'pamene minda ya olemera inasintha: akasupe othovoka, maiwe a nsomba, ziboliboli zolavula madzi. Ku nyumba ya Octavius Quartio kuli ngalande yokongoletsa yotalika pafupifupi mamita 50, ndipo ku Oplontis kuli dziwe la pafupifupi mamita 60 m'litali ndi 17 m'lifupi. Kuti asadonthe, maiwe ankamatidwa ndi laimu wosakaniza ndi mapale osinja, ndipo m'makoma mwa ena munkalowetsedwa mitsuko chogona kuti nsomba zizibisalamo. Chivomezi cha mu 62 AD chinaononga zambiri, moti mu 79 nyumba zina zinali zikukonzedwabe.

Kumene kunalibe phiri lophulika, munda wachiroma ungapezeke? Ndipo minda imene abzalanso kuti alendo aone, tiikhulupirire? (Wowerenga, Leeds)

Ungapezeke, ndipo chitsanzo chabwino chili komwe muliko. Mu 1960 anthu okumba ngalande ya paipi ya madzi ku Fishbourne, kum'mwera kwa England, anagunda maziko a nyumba yaikulu yachiroma yomangidwa cha m'ma 75 AD. Barry Cunliffe ndi gulu lake atafukula bwalo lake anapeza kuti nthaka ya pamenepo ndi dongo ndi miyala yosabereka. Olima akale anakumbamo tingalande topapatiza n'kudzazamo dothi labwino lakuda losakaniza ndi choko chochepetsa asidi. Mtundu wa dothi ndi umene unaulula munda: mizere yakuda pa nthaka yotuwa, yoyenda mbali zonse ziwiri za njira ya pafupifupi mamita 12 m'lifupi, ikukhota mosinthanasinthana, apa ngati uta, apa ngati bokosi. Panapezekanso maenje a nsanamira zoyangira zomera ndi mapaipi a dothi operekera madzi ku akasupe. Theka la kum'mwera la mundawo lili pansi pa msewu ndi nyumba zamakono.

Kufukula kotere kumafuna diso pa dothi. Amapala mopyapyala, malo aakulu nthawi imodzi, ndipo dothi likauma amaliwaza madzi chifukwa kusiyana kwa mitundu kumazimirira padzuwa. Kukumba dzenje limodzi lakuya sikuthandiza, mumangodutsa munda osauona. Njira yomweyi yagwira ntchito kumpoto kwa Africa, monga ku Thuburbo Maius ku Tunisia, kumene mayi Jashemski anafukula mabwalo a nyumba zachiroma n'kupeza pamene panali mitengo.

Za kubzalanso, siyanitsani malo ndi mtundu wa chomera. Ku Fishbourne mipanda ya zitsamba ili ndendende pa tingalande takale, koma chitsamba cha box chimene anabzala anachisankha chifukwa Pliny Wamng'ono anachitchula pofotokoza minda yake, ndipo masamba ake apezeka m'malo ena achiroma ku Britain. Tingalandeto sitinatchule dzina. Ku Pompeii, kuyambira mu 1996 kampani ya vinyo ya Mastroberardino inabzalanso mphesa m'minda ingapo, kuphatikizapo Foro Boario, potsatira mipata ya mabowo akale ndi zichiri zake. Mipata ya mita 1.2 ija ndi ya mu 79. Mitundu ya mphesa, Piedirosso ndi Sciascinoso, ndi ya m'deralo lero, yosankhidwa poyerekeza ndi zithunzi za pakhoma ndi zolemba zakale. Mukapita kukaona, funsani woyang'anira kuti akuonetseni mizu ya simenti imene inasiyidwa pamalo pake pakati pa mizere.